Kupita Wekha Chingwe Chisanabwere

Pa Nathenje msewu wa M1 supuma. Mabasi ochokera ku Lilongwe amangochepetsako liwiro, amayi a tomato ndi anyamata a chimanga chootcha n'kuthamangira kumazenera, kenaka galimoto n'kupitirira kulowera ku Dedza, Ntcheu, Balaka ndi Liwonde. Ukakhala osatsika, utayenda makilomita pafupifupi 300 kuchokera ku likulu, umakafika ku Zomba. Kwa anthu ambiri a kuno dzina limeneli silikumbutsa phiri lokongola lija, kapena mzinda umene unali likulu la dziko lino mpaka 1975. Limakumbutsa geti lotseka. Mwana akavuta pakhomo amamuopseza kuti, "Iwe, tikakusiya ku Zomba," ndipo wina akalankhula zosamveka pa bawo anzake amafunsana moseka ngati wathawa ku Mental.

Mantha amenewa ali ndi pochokera. Mu 1910 boma la atsamunda linatsegula malo osungirako odwala misala ngati mbali ya ndende ya Zomba, ndipo owayang'anira anali a ndende, osati anamwino. Chipatala chenicheni, Zomba Mental Hospital, chinatsegulidwa mu 1953. Lamulo loyendetsera chisamaliro cha odwalawa linali la 1948, ndipo linagwira ntchito zaka zoposa 70 kufikira Nyumba ya Malamulo itavomereza latsopano mu 2025. Tsono agogo athu akamaona ngati chipatala cha maganizo ndi ndende, sakupeka ayi. Komabe ngakhale lamulo lakale lija linkamudziwa kale munthu wina amene nkhani za pa bawo sizimutchula: wodwala wobwera yekha, mwa kufuna kwake, nadzapempha kuti amugoneke.

Munthu ameneyu ndiye tinanyamukira kukamufuna. Tinali anthu anayi a nthambi ya zaumoyo mu mpingo, ndipo tinayenda masiku atatu m'mwezi wa Julaye, mphepo ikuluma, minda ili mbee atakolola. Funso linachokera ku maphunziro a zaumoyo amene tinachititsa, pomwe mlongo wina analemba pakapepala popanda dzina kuti: "Ndikapita ndekha, adzanditulutsa?" Tinaona kuti yankho labwino lili ndi anthu amene anapitako n'kubwerako, ndipo kumwera kwa Lilongwe kuno alipo ambiri kuposa mmene timaganizira. Mayina awo tawasunga.

Woyamba kutilandira pa Nathenje anali mkulu wa mpingo amene anagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri asanapume. Tinakhala pakhonde, iwo atafunda jekete, akusenda mtedza. Anati pa ntchito yawo yonse odwala maganizo ankafika m'njira ziwiri. Ena ankabwera pa ngolo kapena kumbuyo kwa lole, atamangidwa manja ndi chingwe cha ng'ombe, amuna anayi atawapanikiza, thupi lili mabala okhaokha. Ena ankabwera wapansi, atavala bwino, n'kukhala pa benchi ngati wodwala mutu. "Ana anga," anatero, "matenda ake ndi amodzimodzi. Kusiyana kwake ndi milungu itatu basi. Wa chingwe uja, milungu itatu m'mbuyomo akanatha kubwera yekha."

M'milungu itatuyo mumachitika zinthu zimene banja limaziona koma osazitchula. Munthu amasiya kugona, usiku wonse ali m'maso, mwina akuyendayenda, mwina akulongosola mapulani a bizinesi zikuluzikulu alibe ndi khobidi lomwe. Wina amangoti zii, osadya, osasamba, osafuna kuonana ndi anthu, akunena kuti palibe chimene akukhalira ndi moyo. Wina amayamba kumva mawu a anthu amene ena sakuwamva, kapena kukayikira kuti nsima yathiridwa mankhwala. Nthawi imeneyi ambiri amakhala akudziwabe kuti china chake chasokonekera, ndipo mantha awo ndi aakulu kuposa a owayang'anawo. Khomo loyamba si Zomba. Ndi chipatala chaching'ono chapafupi, monga cha pa Nathenje pompa, kumene angakuoneni, kukupatsani mankhwala oyambira, kapena kukulemberani kalata yopita nayo kwa odziwa za maganizo mu mzinda. Ambiri sagonekedwa n'komwe. Amalandira mankhwala ndi uphungu n'kumabwera pa tsiku limene awalembera. Kugonekedwa kumabwera pamene munthu ali pa ngozi yodzivulaza kapena kuvulaza ena, pamene wasiyiratu kudya ndi kumwa, kapena pamene kunyumba kulibe womusamala mokwanira. Mkuluyo anatsindika chinthu chimodzi, ndipo nafenso tikuchitsindika: munthu akanena zodzipha, musadikire kuti kuche bwino kapena kuti mupeze ndalama ya fodya. Pitani naye tsiku lomwelo, ndipo pa njira yonse asakhale yekha.

Kuchoka pa Nathenje tinabwerera chakumpoto mpaka pa raundabauti ya Bunda, n'kukhotera msewu wa ku Mitundu. Ndi dziko la fodya, mtedza, soya ndi chimanga, lathyathyathya, mapiri ake oima paokhapaokha ngati anachita kuikidwa. Phiri la Bunda limaonekera kutali, mwala waukulu pafupi ndi sukulu ya zaulimi ya LUANAR, ndipo aliyense wa kuno amadziwa kuti pamwamba pake sipasowa anthu opemphera, ena ogona komweko masiku angapo akusala kudya. Tinaima m'mbali mwa msewu kuliyang'ana, ndipo m'galimoto munabuka mkangano umene umabuka m'mabanja ambiri achikhristu: kodi wopita ku chipatala cha maganizo wachepa chikhulupiriro?

Ife tikuti ayi, ndipo tikunena ngati anthu okhulupirira pemphero. Mpingo umene unamanga chipatala cha Malamulo ku Thyolo sungauze wodwala shuga kuti ataye mankhwala ake, ndipo ubongo ndi chiwalo cha thupi ngati kapamba. Ellen White, m'buku lake la 1905 lotchedwa The Ministry of Healing, anapatula mutu wathunthu kufotokoza mmene maganizo ndi thupi zimadwalira limodzi ndi kuchirira limodzi. Taonaninso nkhani ya Eliya pa 1 Mafumu 19. Mneneri atatopa mpaka kupempha imfa, mngelo sanayambe ndi kumudzudzula. Anamusiya agone, anamupatsa chakudya ndi madzi, anamulola agonenso, ndipo kulankhula kunabwera pambuyo. Kwa munthu amene wakhala masiku asanu osagona, kumukweza phiri kukachezera usiku wonse m'mimba muli gwa n'kuthira palafini pamoto, chifukwa kusowa tulo ndiko kumakolezera ena mwa matendawa. Mupempherereni, inde, koma muli pa benchi ya kuchipatala.

Pa Mitundu tinadutsa msika, umene umasonkhanitsa njinga, ngolo, mbuzi ndi matumba a mtedza kuchokera m'midzi yonse yozungulira, n'kudutsanso chipatala cha Mitundu, kenaka tinalowa kanjira kafumbi. Kumeneko amayi a Dorika anatiperekeza kwa mayi wina wa ana atatu. Matenda ake anayamba patatha mlungu umodzi atabereka mwana wachitatu. Tulo tinathawa, anayamba kuopa kuti mwanayo si wake, ndipo tsiku lina anadzipeza ataima pa chitsime osadziwa chimene wabwerera. Anauza amuna ake kuti amutengere kuchipatala. Amuna akewo anati nkhani yotere sangaimange okha, ayambe amva atsibweni ake a mkaziyo, paja kuno mwinimbumba ndiye amamasula. Atsibweniwo poyamba ankafuna kuyamba kwa sing'anga. Mayiyo anatifotokozera mawu amene anawauza atagwada: "Atsibweni, panopa ndikutha kukupemphani. Mawa mwina sindidzakudziwani." Anamulola.

Iye ndiye anatifotokozera bwino za tsiku loyamba, ndipo anati chimene chinamudabwitsa ndi kuchuluka kwa mafunso. Anayembekeza jakisoni pakhomo pomwe, koma anamukhazika pansi kwa nthawi yoposa ola. Zinayamba liti? Mukugona maola angati? Mukudya? Kodi mumamva mawu, ndipo amati chiyani? Munaganizapo zodzichotsa moyo, kapena zovulaza mwana? Kubanja kwanu alipo amene anadwalapo chonchi, kapena wa khunyu? Mumamwa mowa, mumasuta chamba? Mwamwako mankhwala achikuda? Mafunso ena amachititsa manyazi, makamaka kwa Mkhristu, koma si mlandu, ndipo wofunsayo sakalemba kalata ku mpingo. Yankho lobisa limangopotoza mankhwala. Amafunsanso wokuperekezani payekha, chifukwa pali zimene wodwala saziona mwa iye mwini. N'chifukwa chake ndi bwino kupita ndi munthu amene wakhala nanu masiku onsewo, osati wachibale wa mu tauni amene wangomva pa foni.

Akatha mafunso amayeza thupi: kuthamanga kwa magazi, kutentha, ndiponso magazi enieniwo. Malungo aakulu, shuga, chindoko, HIV ndi matenda oumitsa khosi zimatha kusokoneza mutu mofanana ndi misala, ndipo zikapezeka chithandizo chake n'china. Amayi amafunsidwa ngati ali oyembekezera kapena akuyamwitsa, ndipo apa musabise, pakuti mankhwala ena, monga sodium valproate, amavulaza mwana wosabadwa. Mukagwirizana zogonekedwa pamakhala pepala loti musayine kapena kudinda chala, losonyeza kuti mwalowa mwa kufuna kwanu. Pemphani kuti akuwerengereni m'Chichewa, ndipo funsani pomwepo kuti mukadzafuna kutuluka mudzatsata njira yanji. Limeneli si funso lamwano.

Kenaka amaona katundu. Apa mayi uja anaseka, nati anakhumudwa pamene anamulanda lezala ndi kagalasi koonera nkhope, ngati kuti ndi wakuba. Anadzamvetsa pambuyo kuti amatero ndi aliyense. Chilichonse chakuthwa, zingwe, malamba, machesi, mankhwala obwera nawo kunyumba, zonsezi amasunga kapena kubweza ndi wachibale. Foni ndi ndalama nazonso kawirikawiri sizikhala ndi wodwala mu wodi. Zofunika kunyamula n'zochepa: kabuku ka kuchipatala, kalata yokutumizani, mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa kuphatikizapo ma ARV kapena a BP, zovala zosinthira zosavuta kuchapa, zitenje, juzi m'nyengo yozizira ngati ino, patapata, sopo, mswachi ndi mafuta odzola. Baibulo ndi kabuku ka Sukulu ya Sabata funsani. Ambiri amene tinacheza nawo anawalola kukhala nazo.

Chinthu chimene chinamupweteka kwambiri sichinali geti. M'zipatala zathu tinazolowera kuti wodwala amakhala ndi gadiyani wogona pansi pa bedi, womuphikira phala ndi kumuchapira. M'zipatala za odwala maganizo okhaokha kawirikawiri sizitero: anamwino ndiwo amasamala usana ndi usiku, ndipo achibale amabwera pa nthawi yoona odwala. Tsono madzulo a tsiku loyamba amayi ake anatsanzika, mwana wakhanda ali kumbuyo kwawo, ndipo iye anatsala. Anati analira mpaka mankhwala atamugonetsa. Atadzuka kunali kutacha, ndipo aka kanali koyamba kugona usiku wathunthu m'masiku khumi. Anakhalako milungu itatu. Mwana uja tsopano akuyenda, ndipo nthawi yonse imene tinkacheza ankalimbana ndi nkhuku pabwalo.

Kuchokera ku Mitundu kupita ku Likuni sufunikanso kulowa mu tauni. Pa raundabauti ya Bunda umatenga msewu wolambalala mzinda n'kukatulukira ku Chinsapo. Koma wodwala wa m'madera onse atatuwa njira yake imalowa mu mzinda ndithu. Ku Bwaila, chipatala chimene akuluakulu amachitchulabe kuti Bottom, pafupi ndi msika ndi depoti ya mabasi, n'kumene anthu a m'boma la Lilongwe akhala akuonedwa za matenda a maganizo kwa zaka zambiri. Ku Area 43 kuli chipatala cha St John of God, cha abale a mpingo wa Katolika amene anayambira ntchito yawo ku Mzuzu, komwe alinso ndi sukulu yophunzitsa ogwira ntchito za maganizo. Zomba ikadali chipatala chachikulu cha boma cha matendawa, koma munthu wa ku Mitundu sayenera kuganiza kuti akangotsegula pakamwa ndiye kuti wakwera basi ya kumwera. Za malipiro, zipatala za boma n'zaulere pomwe za mishoni zili ndi ndondomeko zawo, choncho funsani pamene akukulemberani kalata, musanagulitse mbuzi. Madokotala akuluakulu a maganizo m'dziko muno ndi owerengeka, ndipo amene mudzaonane naye kawirikawiri ndi namwino kapena dokotala wamng'ono amene anaphunzira za maganizo mwapadera. Amenewa ndiwo asenza ntchitoyi m'Malawi, ndipo amaidziwa.

Likuni ndi malo a mishoni yakale ya Katolika, ya kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900: tchalitchi cha njerwa, sukulu za sekondale za anyamata ndi atsikana, nyumba yosindikiza mabuku, ndi chipatala chimene dzina lake lili m'khitchini iliyonse chifukwa cha phala lija la chimanga ndi soya. Masiku ano tauni yafika mpaka pakhomo pake, ndipo kuchokera ku Chinsapo mpaka ku Chigwirizano ndi mashopu, makabaza ndi maminibasi okhaokha. Kuseri kwa msika tinakumana ndi mnyamata wa zaka za m'ma 30, mmisiri wa matabwa, amene wagonekedwapo kawiri. Ulendo woyamba anapita pa chingwe, ndipo sakumbukira zambiri kupatula zipsera za m'mikono. Ulendo wachiwiri, patapita zaka ziwiri, ataona kuti tulo tayambanso kuthawa ndipo maganizo akuthamanga, anatseka shopu, anauza achimwene ake kuti amuperekeze, n'kukwera minibasi. Ulendo woyamba anakhala miyezi iwiri. Wachiwiri anakhala masiku 12, ndipo makasitomala ake ambiri ankangoti wapita kumudzi.

Tinakhala naye pa benchi losamaliza, fungo la utuchi lili guu, ndipo anatiyendetsa tsiku la mu wodi. Kudzuka m'mamawa, kusamba, kuyala bedi, phala, kenaka mzere wa mankhwala, namwino akuyang'ana kuti mwamezadi. Masiku ena adokotala amazungulira kapena kukuitanani m'chipinda momwe mumakhala anthu angapo, ena ophunzira, ndipo amakufunsaninso mafunso omwe aja. Masana nsima, nthawi zambiri ya nyemba kapena masamba. Pamakhala nthawi ya zochitachita, monga bawo, mpira, kulima dimba, kusoka kapena kukambirana pa gulu, malingana ndi chipatala. Madzulo mankhwala enanso, n'kugona molawirira. Amuna ndi akazi amakhala mawodi osiyana, ndipo zitseko zimakhala zokhoma ngakhale kwa wobwera yekha. "Chimene palibe amene anandiuza," anatero, "ndi kutalika kwa tsiku. Munthu wozolowera kupala matabwa, kungokhala padzuwa kudikira belu la nsima, zimatopetsa kuposa ntchito."

Sanatibisire zovuta. Mu wodi mumakhala anthu amene akudwala kwambiri kuposa inu. Wina amafuula usiku, wina amakutsatirani kukupemphani sopo, wina amalalikira kuyambira m'mawa. Nthawi zina wodwala akachita ukali ogwira ntchito amamugwira, kumubaya jakisoni, mwinanso kumuika m'chipinda cha yekha mpaka atakhazikika, ndipo kuona zimenezi kumaopsa. Malo amatha kuchepa, zofunda kuchepa, anamwino kukhala awiri pa anthu ambirimbiri. Patapata wake anasowa tsiku lachiwiri. Koma anatinso pa anthu onse amene wakumana nawo moyo wake, a mu wodi muja ndiwo okha amene sanafunikire kuwafotokozera kuti kumva mawu usiku kumakhala bwanji. Munali mphunzitsi, munali wapolisi, munali mlimi wa fodya wa ku Malingunde amene ngongole inamudwalitsa. Mukachitiridwa nkhanza kapena kunyozedwa, muli ndi ufulu wodandaula kwa mkulu wa wodi, ndipo uzaninso achibale akabwera.

Pa za mankhwala anayankhula ngati katswiri, poti wawamwa zaka zinayi. Chlorpromazine amagonetsa kwambiri, amaumitsa kukamwa, amachititsa chizungulire ukadzuka mofulumira, ndipo khungu limapsa msanga ndi dzuwa. Haloperidol amatha kuumitsa khosi ndi nsagwada, kunjenjemeretsa manja, kutulutsa dovu, n'kumuyendetsa munthu ngati chidole. Anthu akaona wodwala akuyenda choncho amati chipatala chamupha mutu, chonsecho ndi zotsatira za mankhwala zimene zimachepa akasintha mlingo kapena akawonjezera kapiritsi kotchedwa benzhexol, kamene ambiri amakadziwa kuti Artane. Nenani msanga, musapirire. Mankhwala a matenda okhumudwa, monga amitriptyline ndi fluoxetine, sagwira tsiku lomwelo. Pamatenga milungu iwiri mpaka inayi kapena kuposerapo kuti mtima uyambe kupepuka, ndipo ambiri amawasiya pa mlungu woyamba poganiza kuti ndi achabe. Kwa amene amaiwala mapiritsi pali jakisoni wa pamwezi. Wobwera yekha ali ndi mwayi uwu, woti amatha kufunsa dzina la mankhwala, ntchito yake ndi zovuta zake, n'kukambirana ndi adokotala pamene mutu ukadali wake.

Ife a Adventist tili ndi mafunso athuathu, ndipo mnyamatayu, amene ndi dikoni, anawayankha tisanafunse. Za chakudya anangonena tsiku loyamba kuti sadya nkhumba ndi mlamba ndipo samwa tiyi wa masamba, ndipo panalibe vuto, poti ndiwo zambiri zinali nyemba. Mankhwala amamwedwa pa Sabata ngati tsiku lina lililonse. Kudumphitsa piritsi si kusunga Sabata. Kusala kudya kudikire mpaka mutachira ndipo mutafunsa adokotala. Lachisanu dzuwa likulowa ankakhala pa bedi lake n'kuimba chapansipansi, ndipo pa Sabata lachiwiri anali atatu, mmodzi wa CCAP. Chimene chinamuwawa n'chakuti ulendo woyamba, miyezi iwiri yathunthu, palibe wa ku mpingo amene anabwera. Munthu akathyoka mwendo timadzaza wodi ndi mabasiketi mpaka anamwino kutithamangitsa, koma akadwala maganizo timangofunsana kunja kwa tchalitchi monong'ona. Ulendo wachiwiri mkulu wa mpingo mmodzi anapita ndi nthochi ndi sopo, anakhala mphindi 20, sanalalikire, anangomuuza mmene ntchito yomanga tchalitchi ikuyendera ndi kuti mabenchi akudikira iyeyo.

Tsono funso la mlongo uja: adzanditulutsa? Onse amene tinacheza nawo anatuluka, ndipo zipatalazi sizifuna kusunga munthu nthawi yaitali, pakuti mabedi ndi ochepa ndipo ofuna kulowa ndi ambiri. Ambiri amakhala milungu ingapo. Komatu tinene zoona zonse. Kulowa mwa kufuna kwanu sikutanthauza kuti mukhoza kungonyamula chikwama usiku n'kutuluka. Mumadziwitsa ogwira ntchito, adokotala amakuonani, ndipo kawirikawiri amaitana wachibale kuti adzakutengeni. Akaona kuti mukufulumira koma simuli pa ngozi, amakulangizani, ndipo mukaumirira amatha kukusayinitsani kuti mwatuluka mosemphana ndi malangizo awo. Koma akaona kuti mukatuluka mukadzivulaza kapena kuvulaza wina, lamulo limawalola kukusungani ngakhale munabwera nokha, potsata ndondomeko yake. Mmisiri uja anati tsiku lachinayi anafuna kutuluka, atangoyamba kugona bwino, poganiza kuti wachira. Namwino wina wachikulire anamufunsa kuti, "Achimwene, guluu mukangopaka mumachotsa chopanira nthawi yomweyo?" Anakhala masiku ena asanu ndi atatu.

Tsiku lotuluka amakulemberani m'kabuku dzina la matenda, mankhwala ndi tsiku lobweranso. Funsani kumene muzikatengera mankhwala kufupi ndi kwanu, kaya ku Mitundu, ku Nathenje kapena mu tauni, chifukwa ndalama ya minibasi mwezi ndi mwezi ndiyo imagwetsa mabanja ambiri. Nthawi zina mankhwala amasowa pa chipatala chaching'ono, tsono musadikire kuti piritsi lomaliza lithe. Pitani kukadali mlungu umodzi, ndipo akasowa funsani kwina kumene angapezeke, osangokhala. Kumva bwino si chizindikiro chosiyira mankhwala. Woyenera kunena zochepetsa ndi amene anakulemberani, ndipo amachepetsa pang'onopang'ono. Mowa ndi chamba zimabweza anthu ambiri ku wodi, ndipo wachibale amene amati "kamodzi kokha sikalakwa" ameneyo si wokuthandizani. Zimene timaphunzitsa masiku onse, kugona nthawi yake, kudya mokwanira, madzi, dzuwa, ntchito ya manja ndi kupumula kwa Sabata, pano zimagwira ntchito yake yeniyeni, pambali pa mankhwala osati m'malo mwake.

Tisananyamuke mmisiri uja anatitengera kuseri kwa chitseko cha shopu yake. Pamenepo anakhomapo kapepala ndi msomali, kolembedwa ndi pensulo ya ukalipentala. Iye ndi achimwene ake analemba zizindikiro zake zitatu: kugona maola osakwana anayi masiku atatu otsatizana, kuyamba ntchito zambiri osamaliza ngakhale imodzi, ndi kukwiya ndi phokoso la wailesi. Pansi pake analemba kuti ziwiri zikangopezeka, achimwene ali ndi chilolezo chomuuza kuti tiyeni, ndipo iye sadzatsutsa. M'kachitini ka misomali pa shelefu amasungamo ndalama ya minibasi ya anthu awiri, kupita ndi kubwera, ndipo mtengo ukakwera amawonjezera. Tsiku lake lokaonedwanso linali Lachiwiri lotsatira, ndipo anali atauza kale mwini mpando umene ankakhoma kuti adzautenge Lachitatu.